Chiliza cha ku Kalambana

Mudzi wa Kalambana, Sinda
4 Malichi 1996

Wokondedwa mwana wanga Helen,

Ndayamba ndi moni. Kaya mukudzuka bwanji ku Lusaka kumeneko, iwe, amuna ako a Kalenga ndi ana? Nanga alongo anga, amayi ako, mwendo uja ukuwalola kuyenda? Kuno tilipo, kungoti mvula yanyanya, chimanga cha m'dambo chaima m'madzi ngati ng'ombe pa dibi.

Nkhani ndi iyi. Thengo lonse la kutsidya kwa mtsinje lapita. Munthu wina wa kwanu konko, akuti amakhala ku Kabulonga, wabwera ndi mapepala oti malowo ndi ake kwa zaka 99, adzalimamo papurika. Akuti ndi tsabola wosawawa. Tsabola wosawawa ngwa ntchito yanji, kaya. Koma manda athu ali momwemo. Titadandaula atiuza kuti wopima malo adzabwera mu Ogasiti, ndipo pamene padzaoneke kuti ndi manda, waya wa mpanda wa famuyo adzapalambalala. Tsono iwe ukuwadziwa manda athu. Mitumbira ya makolo inaphwa kalekale, mlendo angoti ndi nkhalango yotolamo nkhuni.

Choncho komiti ya mudzi, imene mlembi wake ndine, yagwirizana kumanga chiliza chimodzi chachikulu cha makolo amene anayamba mudzi uno mu 1944, boma la azungu litawasamutsa kuchokera ku Fort Jameson, Chipata ya lero. Anafika kuno wapansi, kuli mikango, nadula mitengo ndi nkhwangwa zawo. Njerwa ndi simenti tipeza kuno. Kwa iwe tikufuna mwala wakuda wolembapo maina, poti amisiri a kuno amalemba ndi msomali, zilembo zake ngati papalasa nkhuku. Mainawo ndi awa: Msatero Banda, Yotamu Sakala, Kamchacha Phiri, Filimoni Phiri, Zuze Tembo, Gelesomu Mwale, Chatuluka Nkhoma, Laimoni Daka, Esinala Mvula ndi Tikambenji Miti. Onse khumi.

Tidzatsegula chilizacho pa 10 Ogasiti. Usachite zija za m'tauni zomati mawa, mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndine malume wako,
Nicodemus Mbewe


Kabwata, Lusaka
28 Malichi 1996

Okondedwa amalume,

Moni wanu tamulandira, ndipo tonse tili bwino. Nanga azakhali ndi mwana wanu Virginia ali bwanji? Kalata yanu yayenda masabata atatu, ndiye musayambe kundinena. Kuntchito ku Longacres mitima ili m'mwamba. Abweretsa makompyuta, ndipo ife a taipi tikungoyang'anana, aliyense akudikira kumva amene achotsedwe.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Woodlands n'kuyenda wapansi kukafika kumene amasema miyala, kufupi ndi manda a Leopards Hill. Ndapeza mmisiri wabwino, a Chibwe, mkulu wa ku Luapula. Atawerenga mainawo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati, "Ba Helen, iyi listi ni ya lasti? Chifukwa mwala si pepala. Mukabwela mailo ati taiwala ambuya, ine nilibe labala." Ndinaseka, n'kuwauza kuti amalume anga saiwala kanthu, ndi mlembi wa komiti.

Koma pali chimene chandivuta. Nditafika kunyumba ndinapeza amama akusankha nyemba pakhonde, ndipo ndinawawerengera kalata yanu kuti akondwe. Anasiya nyembazo. Anati, "Werenganso." Ndinawerenganso. Anafunsa kuti, "Nicodemus walemba yekha zimenezi, ndi dzanja lake?" Nditavomera anati, "Tinali mabanja khumi ndi limodzi. Ine ndinalipo, ndinali namwali kale." Basi, analowa m'nyumba.

Chichokere tsiku limenelo sakukhazikika. Chakudya amangochigwiragwira. Amachoka pawindo kupita pachitseko, kuchoka pachitseko kubwerera pawindo, ndipo dzulo ndapeza atamanga zovala zawo m'chitenje. Ndikafunsa amati ndifunse inu.

Ndiye ndikufunsa. Banja linalo ndi liti? Inenso ndaona kuti pa mainawo palibe Mbewe. Ife tinakula tikumva kuti agogo aamuna anafera pa ulendo, ndipo sindinafunsepo kuti ulendo wake wopita kuti. A Chibwe ndawauza kuti ayambe aima. Yankhani msanga.

Ine mwana wanu,
Helen Kalenga


Mudzi wa Kalambana, Sinda
19 Epulo 1996

Helen,

Moni ndapereka ngakhale wako sindikumuona. Ndapalasa njinga kawiri kupita ku positi, kawiri konse ndabwera chimanjamanja. Kodi ku Lusaka mapepala anatha? Kapena poti wakwatiwa ndi Mbemba ndipo ukukhala m'nyumba yosanja, za manda a kwanu zasanduka zachimidzi?

A komiti akundifunsa tsiku ndi tsiku. Njerwa taotcha kale. Anyamata a mwini famu ayamba kugwetsa mitengo chakumpoto, thirakitala ikumveka ngakhale uli m'tchalitchi. Ine tulo sindikupeza, ndikungozungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Ngati ntchitoyi yakukanika nena, tisataye nthawi. Ndiponso dziwa kuti Virginia wapeza banja. Mnyamatayo ndi mphunzitsi, wa ku banja laulemu la ku Katete, ndipo ankhoswe ake ndawaitana kuti adzaone chilizacho, adziwe kuti nafenso tili ndi makolo. Usandichititse manyazi.

Malume wako,
N. Mbewe


Kabwata, Lusaka
9 Meyi 1996

Amalume,

Moni. Ndaona kuti makalata athu apambana panjira, choncho za Mbemba ndi nyumba yosanja ndazimeza. Nkhani ya Virginia yatikondweretsa. Koma lero ndilemba zolimba, mundikhululukire.

Lachiwiri lapitali amama anasowa. Ana pobwera ku sukulu anapeza chitseko chili pululu. Ine ndinathamangira ku Kamwala, a Morris amuna anga anafunsa m'City Market monse, anthu akungoti agogo ovala duku ndi ambiri. Tinawapeza masana ku Intercity, atakhala pa mtolo wawo pakati pa mabasi, anyamata oitanira akuwakuwiza kuti, "Chipata, mbuya? Sinda? Kwelani manje!" Analibe ngakhale ya tikiti. Mwendo wodwala uja unali utatupa. Ndinalira pagulu, ine munthu wamkulu.

Anakana kudzuka mpaka atandiuza, ndipo ndikulemba monga ananenera. Anati, "Atate anga, a Sandalamu Mbewe, ndiwo anapeza madzi. Anthu anali atayamba kumanga katundu kuti abwerere, iwo nakumba chitsime chimene mudzi ukumwa mpaka lero. Nthawi imeneyo zala anali nazo zonse. Khate linabwera pambuyo. Anawamangira kanyumba kutsidya, ine ndinkawatulira chakudya pa mwala n'kubwerera. Atamwalira mu 1949 akuluakulu anati wakhate saikidwa m'nthaka, mvula ingakane. Anawakulunga mu mphasa, nawalowetsa m'mphako ya mlambe, natseka ndi miyala ndi dothi. Anatiletsa kulira. Anati dzinalo lisatchulidwenso. Ine ndamvera zaka zonsezi, koma pa mwala ayi."

Amalume, ndi mlambe uja uli panjira ya ku manda, umene munkatikalipira tikatola malambe ake? Ndimayesa munkaopa njoka. Ngati ndi umenewo, uli kunja kwa nkhalango, ndiye kuti waya akadutsa udzatsala mbali ya famu, ndipo thirakitala idzaugwetsa agogo ali momwemo.

Ndakwiya, sindibisa. Ena onsewo mwawakumbukira, mpaka a Kamchacha amene amati ankaba mbuzi, koma atate anu okubalani mwawasiya. Ndinu nomwe munatiphunzitsa kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kodi mwambiwo sukhudza atate?

A Chibwe akuti akapanda kuyamba mu Juni, Ogasiti sitimupeza. Ndiuzeni kuti ndiwonjezere dzinalo.

Helen


Mudzi wa Kalambana, Sinda
3 Juni 1996

Mwana wanga Helen,

Moni kwa nonse. Makalata ako onse awiri afika tsiku limodzi. Zija ndinakunenera ndabweza. Alongo anga uwasamale, chitseko muzikhoma.

Iwe wamva nkhaniyi pa siteshoni ya basi, mbali imodzi. Imva inanso. Tsiku limenelo adzukulu, amene ntchito yawo ndi kunyamula maliro, anakana kukhudza mphasa ija. Amene anaisenza ndine, ndili ndi zaka 19. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Miyala ija ndinapanikiza ndi manja anga, akuluakulu ataima patali akundiloza poika. Amayi ako anali kunyumba. Ndiye usandiphunzitse kuti atate anga ndani.

Ukudziwa zimene zinatsatira? Chaka chathunthu palibe anandipatsa moni wa m'manja. Pa mowa ndinali ndi chipanda changachanga. Ndinafunsira mbeta m'midzi itatu, konseko anandibweza, akuti nthendayo imayenda m'magazi. Amayi ako anakwatiwa n'kupita ku Lusaka, ine ndinatsala pano. Ndatenga zaka 47 kuchapa dzina la Mbewe, mpaka lero ndine mkulu wa mpingo, ndimagawa mgonero ndi manja omwewa ndipo anthu amalandira. Akuluakulu aja pafupifupi onse anatha, ana a lero sakudziwa kanthu. Tsono iwe ukufuna ndizilembe pa mwala, pamaso pa ankhoswe a Virginia?

Ndikudziwa kuti khate lili ndi mankhwala masiku ano, ndimamva pa wailesi. Koma pakamwa pa anthu mankhwala ake sanapezeke. Anthu a ku Katete aja akangofunsa kuti Sandalamu ameneyu mtumbira wake uli pati, banja la mwana wanga latha. Akufa anapita, Helen. Virginia ali moyo.

Za mlambe usandifunse. Ndimadutsapo tsiku lililonse, ndikudziwa pamene waima.

Mwini mbumba ndine. Ndanena maina khumi, ulembetse khumi.

Malume wako,
Nicodemus Mbewe


Kabwata, Lusaka
14 Julayi 1996

Okondedwa amalume,

Moni, ndipo ndikupempha kuti muwerenge mpaka pamapeto musanang'ambe.

Kalata yanu inafika. Sindinkadziwa kuti munasenza ndinu. Nditawawerengera amama anati, "Ndinamuona pobwera, malaya ake anawatentha pabwalo." Mtolo uja sanamasule.

Ndinapita kwa a Chibwe katatu. Ulendo woyamba ndinati khumi. Ndisanafike pokwerera minibasi ndinabwerera n'kuwauza kuti aime. Kuntchito ndinkalakwitsa makalata a bwana, kunyumba ndinkakalipira ana popanda chifukwa. A Morris anati, "Iwe na amama bako mwafanana manje, nyumba yonse yazula na kuyenda-yenda." Ulendo wachitatu a Chibwe anandipatsa mpando. Anati, "Ba Helen, nsapato zizasila. Kambani chabe, vuto ni chani?" Ndinawauza zonse. Kenaka anati, "Kwathu ku Luapula benzeliko bambili ba so. Ine nimalemba chabe vamene banipasa. Koma apa pansi pali malo, yanganani mweka."

Amalume, ndalembetsa. Dzina lili pansi pa onse: Sandalamu Mbewe, wokumba chitsime. Za matenda palibe.

Mwala utatha ndinawatenga amama pa takisi kukauona. Mukudziwa kuti sawerenga. Anafunsa kuti la atate ndi liti, ndinawalozera, ndipo anayendetsa chala m'zilembozo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kawiri. Amisiri onse anasiya kugogoda. Tsiku limenelo anadya n'kupempha zina.

Ndikudziwa kuti ndaphwanya mawu a mwini mbumba, ndipo ndili ndi mantha. Za Virginia zikundidya mumtima. Zikavuta, mlanduwo ndi wanga, mudzamuuze choncho. Koma amama akutha, amalume. Dokotala akuti mtima wawo watopa. Sindikanatha kuwayang'ana akupita atate awo atafufutidwa kachiwiri, ulendo uno ndi dzanja langa.

Mwalawo ukubwera Lachisanu pa lole yonyamula feteleza, wokulungidwa m'masaka, adzautsitsa pa sitolo ya pamphambano. Ife sitibwera. Amama ulendo wa basi sangaukwanitse pakali pano, ndipo ine ndikachoka mwezi uno ndidzapeza dzina langa pa mndandanda wa ochotsedwa. Ngati dzinalo simulifuna, tengani tchizulo mulifufute nokha. A Chibwe akuti zimatheka, kungoti pamatsala chipsera.

Ine mwana wanu,
Helen


Mudzi wa Kalambana, Sinda
14 Ogasiti 1996

Mwana wanga Helen,

Moni. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi kuti ifike msanga. Uwawerengere alongo anga yonse, usadumphe.

Mwala unafika. Ndinaubisa m'chipinda masabata atatu, ndipo tchizulo ndinabwereka ndithu. M'mawa uliwonse ndinkavundukula masaka, kuika tchizulo pa chilembo choyamba, kenaka n'kuvundikiranso. Ndinakutukwana kwambiri masiku amenewo, Mulungu andikhululukire. Potsiriza ndinaitana mmisiri wa ku Sinda, wosadziwa za kuno, tinaumangirira awiriwiri n'kuphimba ndi nsalu. Ndinati m'mtima mwanga, ndidzawerenga khumi mofulumira, kwaya idzayamba nyimbo, ndipo ambiri kuno sawerenga.

Loweruka anthu anadzaza. Tinali titalambula manda onse. Abusa atapemphera nsalu inachotsedwa, ine n'kuyamba kuwerenga. Ndinafika pa Tikambenji Miti, ndinatseka pakamwa, n'kukodola a kwaya. Asanayambe, gogo Nangozo, mkazi wa malemu Zuze Tembo, yekhayo amene watsala mwa akuluakulu aja, anagogoda ndodo yake pansi. Anati, "Nicodemus, mdzukulu wanga akuti mizere ilipo khumi ndi umodzi. Maso akuvuta? Ngati ndi Sandalamu, tchula. Madzi ake tamwa m'mawa uno."

Ndinadikira kuti anthu adzidzimuke. Helen, palibe anadzidzimuka. Azimayi anangovomera kuti eee, ngati m'tchalitchi. Ngakhale anyamata amene ndinkati sadziwa kanthu anatembenuka kuyang'ana ku mlambe. Mudzi wonse umadziwa, ndipo wakhala ukundisungira ulemu pondilekerera kuti ndizibisa. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndinawerenga dzinalo, ndipo linamveka.

Usaganize kuti zonse zakoma. Ankhoswe a ku Katete anafunsa ndithu za mtumbira, wina anawauza, ndipo anachoka osadya. Mpaka lero sitinamve kanthu. Mnyamatayo anabwera yekha dzulo pa njinga, anacheza ndi Virginia pa mtondo, koma za kwawo sananene. Virginia sakundilankhula. Akuti chamupweteka si agogo akewo, koma kuzimvera pagulu. Mlanduwo si wako, ndi wanga.

Lolemba wopima malo anabwera, mnyamata wa kwanu konko, ndi zikhomo zake zachitsulo. Anaona chiliza, anachiyamikira, nayamba kukhoma m'mphepete mwa nkhalango. Ine ndikumutsatira pambuyo, komiti yonse ikunditsatira. Atafika pokhotera ndinamuuza kuti apitirire mpaka kuseri kwa mlambe. Anati, "Mudala, uyu ni mutengo chabe. Manda yasilila apa." Ndinati ayi, muli munthu. Anati, "Nindani?" Ndinati, "Muli atate anga. Ndinawaikamo ndine." Anandiyang'ana, anayang'ana miyala ija, navula chipewa. Chikhomo chili kuseri kwa mlambe, ndachipondaponda ndekha kuti ndione ngati chalimba.

Tsono pempho langa ndi ili. Ukapeza tchuthi ubwere nawo alongo anga, ngakhale pa galimoto yobwereka, muziima panjira kuti azipuma. Maliro aja sitinalire. Dzulo ndinapita ndekha pa mlambe kuti ndiyese, ndinaima mpaka miyendo kuwawa, mawu osatuluka. Kwathu kuno maliro amayambitsa ndi akazi. Uwauze kuti ndikuwadikira adzandiyambire.

Ndine malume wako,
Nicodemus, mwana wa Sandalamu Mbewe